Pansipo!

Ng'ona zinaukana mtembo wa Che Zubairu. Unagona m'ngalande ya pa Macheka utakodwa m'namasupuni, ndipo m'mawa wa Lachisanu amayi okatunga madzi anaupeza uli wathunthu. Nthiti zokha ndizo zinali zitaphwanyika mbali imodzi. Dokotala wa pa kachipatala kathu anangogwira pachifuwapo n'kupukusa mutu. Iyi sinali ntchito ya ng'ona, sinalinso ya madzi. China chake cholemera chinawamenya akuluwa asanalowe m'ngalandemo.

Anthu a pa Macheka sachedwa kupeza wolakwa. Pamene Sajeni Dora Makwinja amatsika pa kabaza kuchokera ku Liwonde, anali atamupeza kale, atamuweruza, n'kumupatsa theka la chilango chake. Anali Sharifu, wootcha makala. Konsitabo Hilary, wapolisi yekhayo wa pano, anachita kumulanda m'manja mwa anthu n'kumutsekera m'chitokosi. Chikhamu chinangokhala pansi kutsogolo kwa chitseko, miyala ili pambali.

"Akusanza magazi, bwana," Hilary ananong'oneza. "Akufunika chipatala chachikulu. Koma ndikangotsegula chitseko ichi, safika ndi pamsewu pomwe."

"Anthuwa akuti bwanji?"

"Akuti akaika maliro ikatha swala ya Juma kumzikiti, abwera kudzamaliza."

Dora anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ananso anthuwo. Anaona kuti sangawachotse ndi mawu okoma. Ankafuna dzina la amene anapha, ndipo ngati Sharifu sanaphe, dzina limenelo linafunika kupezeka munthuyo akadapuma.

Mkwiyo wa anthuwo unali ndi pogwira. Pa Macheka panalibe mudzi kale, panali nkhalango ndi udzudzu. Kunabwera anyamata awiri ndi sowo imodzi: Zubairu wa ku Ntaja, Msilamu, ndi Blasius wa ku Balaka, Mkatolika. Anakumba dzenje patsinde pa mlombwa, n'kuyamba kucheka matabwa monga ankachekera nthawi imeneyo, chipika chili pamitanda pamwamba pa dzenje, wina ataima pachipikapo kuwongolera sowo pamzere, wina ali m'dzenje kukokera pansi. Zubairu anali wapamwamba, Blasius wapansi, ndipo zinakhala choncho mpaka imvi. Ocheka ena anawatsatira. Anakumba ngalande ndi makasu kuti zipika ziziyandama kuchokera kuphiri mpaka ku Shire. Kenaka kunabwera tiyirumu, mzikiti, tchalitchi, chigayo, sukulu. Tsiku lonse m'tauni munkamveka mawu amodzi, "Pansipo!" Umo ndimo wapamwamba ankakuwira asanasunthe chipika, kuti mnzake atuluke m'dzenje. Mpaka lero munthu akamatsitsa thumba la chimanga pa lole amakuwa choncho.

Kenaka mitengo inatha, ndipo tinaimaliza tokha, palibe wotilodza. Mapiri anatsala mutu wampala. Anyamata anapita ku Joni, ngalande inadzaza namasupuni ndi mapepala apulasitiki. Unatsala mtengo umodzi, mlombwa uja wa padzenje loyamba, kumtunda kwa ngalande kumene sikukhalanso munthu. Che Zubairu ankaulondera ngati mwana wamkazi. Lachiwiri mphepo inaugwetsa.

* * *

Amira, mwini tiyirumu ya pamsika, sanadikire kufunsidwa.

"Ine, achemwali, ndilibe naye chifukwa Sharifu, amamwa tiyi pompano. Koma zimene ndinamva ndi makutu angawa ndibise? Lachitatu anaima apo pamene mwaimapo. Akuti mtengo ukagwa ulibe mwini, ndikawotcha makala. Anganga aja, Che Zubairu, n'kunyamula ndodo, akuti ukaukhudza, upite kaye pamtembo wanga. Sharifu akuti, ngati n'choncho tidzapita! Walahi, anatero!"

"Mawu a mkangano amenewo, amayi. Mwaona chiyani ndi maso?"

"Malaya! Dzulo madzulo wadutsa apa akukankha njinga, nthambi zili mbwee, malaya ali psuu kutsogolo konse. Ine ndimati wapha mbuzi. Kukucha lero, mtembo m'ngalande. Nanga pamenepo mpofunika sukulu?"

"Anganga aja munawaona liti komaliza?"

"Dzulo lomwelo, itatha swala ya masana. Alowera kumtunda, kofiya yawo ili mbee ngati nthawi zonse. Munthu uja fumbi silinkamudziwa. Ankanyada nazo, akuti ine utuchi ndimauponda, sindiusenza."

"Anali okha?"

"Okha. Mnzawo uja, a Blasius, satulukanso. Akudwazika akazi awo, a Anastasia. Amayi aja ndi a lero kapena mawa."

* * *

M'chitokosi munkanunkha mkodzo ndi magazi. Sharifu anali chigonere pasimenti, diso limodzi litatsekeka, mpweya ukutuluka ngati wa mvukuto wobooka. Dora anagwada pambali pake.

"Ndiuzeni za malaya."

"Mvula ikakuona litsiro sikata, bwana." Anayesa kuseka, n'kutsokomola. "Ndine wamakala. Chilichonse chikasowa pano, ndine. Mitengo anamaliza iwowo ndi masowo awo, koma wowononga nkhalango ndine, wotola zitsa."

"Malaya, achimwene. Nthawi ikutha."

"Utomoni. Mlombwa ukaudula umatuluka magazi ngati munthu. Ndinakaba nthambi, eya, ndimangeni pa zimenezo. Koma ndinapeza ena atandiyambira. Thunthu linali litadulidwa kale, chipika chili padzenje, atachicheka."

"Atachicheka ndani?"

"Panalibe munthu. Ngapagwa. Ndinawauza anthu aja, ndani anamva?" Anagwira mkono wa Dora ndi zala zozizira. "Ndili ndi ana awiri, bwana. Musandisiye muno."

Dora anatenga malaya aja pa tebulo la Hilary n'kuwanunkhiza. Banga lake linali lofiira moderapo, lonanda kuzala. Iye anakulira m'minda ya ku Rivirivi, mitengo ya matabwa sankaidziwa, koma magazi ouma ankawadziwa bwino chifukwa cha ntchito yake. Awa sanali magazi.

* * *

Kumtunda kwa ngalande kunali zii. Mlombwa unagona mizu ili m'mwamba, ndipo paliponse pamene nkhwangwa inadutsa panali patatuluka utomoni wofiira, wina ukadali wonyowa. Dzenje lakale linali litafukulidwa chatsopano. Chipika chinali chopendekeka, mutu umodzi uli pamtanda, wina utagwera m'dzenje. Pambali panali mtengo wokankhira, wosupuka kunsonga.

Dora anatsikira m'dzenjemo. Utuchi wofiira unali mbwee pansi. Pachipika panali mizere itatu yakuda, yolembedwa ndi chingwe chonyika m'makala, yowongoka bwino lomwe. Koma sowo sinatsate mizereyo. Inayenda ngati woledzera, uku yatuluka, uku yabwerera, mpaka kukathera pafupi ndi mtanda.

Kuchokera padzenje kukafika pangalande udzu unali utagona, monga umagonera akakokerapo thumba lolemera.

Anaimbira Hilary.

"Pano atsala ndani odziwa kucheka padzenje?"

"Awiri okha, bwana. Mmodzi ndi malemuwa."

"Che Zubairu ankakhotetsa mzere?"

Hilary anaseka ngakhale sinali nthawi yoseka. "Mukanena zimenezo pamaliro akuthamangitsani. Zitseko za tchalitchi ndi za mzikiti anacheka ndi iwowo. Mungapimire rula."

Ndiye kuti woima pamwamba dzulo sanali Che Zubairu. Dora anaima kanthawi m'dzenjemo, n'kuyang'ana m'mwamba. Mphepo inagwetsa utuchi wotsalira pachipika, n'kumulowa m'maso.

* * *

Kunyumba ya maliro amuna anali atayamba kale kusonkhana, jeneza lonyamulira mtembo litatsamira pakhoma. Che Nasiru, amene amasambitsa maliro a amuna pano, anatuluka akupukuta manja. Anali munthu wowonda, wolankhula ngati akuwerenga. Dora anawafunsa zimene anaona pathupi la malemu.

"Mwana wanga, mwandifunsa chinthu chimene sindingakupatseni. Wosambitsa maliro amaona, koma sanena. Chimene Allah wabisa ndi nsalu, ine ndine yani kuti ndichivule ndi pakamwa?"

"Shehe, kuli munthu akufa m'chitokosi."

"Ndikudziwa. Ndinamuphunzitsa ku madrasa."

"Ndiye ndithandizeni."

Che Nasiru anayendetsa chala pandevu.

"Za thupi sindinena," anatero. "Koma madzi amene ndasambitsira ndakawathira kuseri, patsinde pa nthochi. Ndinachita kubwereza m'makutu ndi m'mphuno kambirimbiri. Madzi otayidwa si maliro. Aliyense angathe kukayang'ana pansi pamene akuponda."

Dora anazungulira kuseri. Madzi anali atalowa m'dothi, koma anasiya zimene anatenga. Pamatope, m'mbali mwa pamene anathirapo, panali timizere ta utuchi wofiira.

Ngalande inatsuka zovala ndi khungu usiku wonse, koma sinafike m'makutu ndi m'mphuno. Utuchi sulowa m'menemo kwa munthu woima pamwamba pa chipika. Munthu amene ankanyada kuti utuchi amauponda anafa atausenza.

Kumzikiti wazana anayamba kuitanira swala ya Juma.

* * *

Nyumba ya a Blasius inali ndi chitseko chokongola kuposa nyumba yonse, cha mbawa, chopalidwa bwino. Mkati munalibe mpando. Mayi Anastasia anagona pamphasa, atatha ngati bango, koma maso ndi pakamwa zinali zikadali zamoyo.

"Apolisi achizimayi! Ambuye Yesu, ndaona zonse, tsopano ndingapite. Khalani, mwanawe. Abambo apita kukatunga madzi, abwera."

"Dzulo masana anali kuti?"

"Anati akukandifunira mankhwala ku Liwonde. Abwera dzuwa litapendeka, opanda mankhwala, opanda mawu. Usiku wonse sanagone. Ndimati ndi chisoni cha ine, kenaka m'mawa tikumva za achimwene awo aja." Anapuma. "Inu mukufunsa chifukwa anthu akuti kwachekedwa mtengo. Iyayi, si awa."

"Mukudziwa bwanji, amayi?"

"Mwanawe, ine ndakhala ndikupukuta mutu umene uja kuyambira ndili mtsikana. Bambo awa akachokera kudzenje amabwera ngati agwera m'thumba la gaga. M'tsitsi, m'makutu, m'maso. Maso aja anawaononga ndi utuchi, pano saona n'komwe nkhuku ili pakhomo. Dzulo ndinawagwira m'mutu, munali mwoyera ngati mwa wansembe. Utuchi unali kumapazi kokha, pakati pa zala. Umenewo ndi wa m'njira."

Ananena monyadira, akuganiza kuti wapulumutsa mwamuna wake. Dora anamva chisoni chimene sanachimvepo pa ntchito yake yonse, ndipo anadana nayo ntchitoyo.

"Ndinawaseka sabata yatha," mayiwo anapitiriza. "Ndinati, a Blasius, ndinakwatiwa ndi wocheka matabwa, koma mudzandiika m'mphasa. Tauni yonse yagona pamatabwa anu, ine ndikagone pabango. Ndimangocheza ine. Iwo analira."

Pakhomo panamveka ndowa ikuikidwa pansi.

* * *

A Blasius anali ataima pabwalo, wamtali, wowerama, maso otuwa ngati madzi a mpunga. Anali atamva zonse. Dora anawatengera pansi pa mango, kutali ndi zenera.

"Bambo, dzulo munaima pamwamba."

Sanakane. Anakhala pamuzu n'kuyang'ana manja awo.

"Anabwera yekha Lachitatu madzulo. Akuti, Bula, mtengo uja ndausunga zaka zonsezi osadziwa kuti ndikusungira yani. Tsopano ndadziwa. Tikacheke bokosi la alamu anga. Anatero iye, Msilamu amene sadzagona m'bokosi. Tinagwirizana kuti tisauze munthu, chifukwa tsiku lomwelo anali atakaniza Sharifu pamaso pa anthu."

"Nanga bwanji munasinthana?"

"Ndinapempha ndine." Anaweramitsa mutu. "Ndinati, Zuba, bokosi ili ndi la mkazi wanga. Ndilole lero lokha ndiime pamwamba, ndidzamuuze kuti mzere ndinawongolera ndine. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuona mapazi ake. Sindinadandaulepo, koma mumtima ndinkafuna tsiku limodzi lokha. Anaseka, anavula kofiya n'kuipachika panthambi. Akuti, kwera, mfumu. Mzere sindimauona n'komwe, mwanawe. Iye pansipo amangoseka, akuti, Bula, alamu akagona m'bwato."

"Kenaka?"

"Sowo inafika pamtanda. Pamenepo chipika chimafunika kusuntha. Ndinatsika, ndinatenga chokankhira, ndinalowetsa pansi." Anatseka maso. "Ndinaima pang'ono. Ndikukumbukira kuti ndinaima. Makutu anga amadikira mawu aja, monga akhala akudikirira zaka zonse. Sanamveke. Mtima unati, ndiye kuti palibe choopsa. Ndinakankha."

Mkuluyo anatsegula maso n'kupitiriza.

"Mawu amene aja ndawamva kuyambira ndili mnyamata, koma pakamwa panga sanatulukepo ndi tsiku limodzi. Si ntchito ya wapansi. Iyenso sanaphunzirepo kutuluka m'dzenje. Anali chiimire, akuchotsa utuchi m'maso."

"Bwanji simunakuwe kuti anthu abwere?"

"Anali atapita kale pamene ndimamusolola. Ndinaganiza za uyu wagona umu. Ana ali ku Joni, foni saimba. Akandimanga, adzamutembenuza ndani? Adzamupatsa phala ndani? Ndinati ng'ona zisenze mlanduwu, zasenza yambiri. Ndinamukokera kungalande imene tinakumba naye, ndi manja omwewa. Sindinadziwe kuti ngakhale ng'ona zinachoka kale pano."

"M'mawa uno, pamene amamenya Sharifu, munali kuti?"

Apa ndiye mkuluyo analira, kulira kwa mwamuna wokalamba, kopanda mawu.

"Ndinali pachigayo. Ndimamva. Ndinatsegula pakamwa, mwanawe. Ndinatsegula."

Dora anatulutsa foni. Sanafunenso kuwayang'ana. Akanati awakwiyire, mkwiyowo sunapeze poima, ndipo akanati awamvere chisoni, ankaona diso lotupa la Sharifu.

"Hilary, tuluka panja, uwauze anthuwo kuti Sharifu sanaphe munthu. Ndamupeza mwini nkhani, wavomera yekha. Uitane galimoto iliyonse, ngakhale ya nsomba."

Dora anakanikiza foni kukhutu.

"Hilary, ukundimva?"

"Ndikumva, bwana. Anthu achoka okha, atsatira jeneza." Anatsitsa mawu. "Sharifu watisiya. Pamene amaitanira swala paja. Amapempha madzi, ndapita kukatunga, pobwera ndapeza watha."

Dora anatsitsa foni pang'onopang'ono. Nthawi imeneyo iye anali kuseri kwa nyumba ya maliro, akuyang'ana utuchi pamatope, akudziona ngati wapolisi wanzeru.

"Wamwalira?" anafunsa a Blasius.

"Wamwalira."

Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kutambasula manja onse awiri. Dora sanatulutse unyolo. Munthu wosaona nkhuku pakhomo angathawire kuti?

"A Blasius!" mawu ofooka anachokera m'nyumba. "Mlendo mwamupatsa madzi? Bwerani mudzanditembenuze, mbali iyi yatopa."

Dora anawalola. Anaima pakhomo la mbawa lija akumva mkuluyo akunamiza mkazi wake kuti akupita kukaperekeza mnzake kumanda, abwera posachedwa. Kenaka anapempha mayi wa nyumba yoyandikana nayo kuti aziyang'anako. Mayiyo anavomera ndi pakamwa, maso ali kwina. Mbiri inali itayamba kale kuyenda.

* * *

Njira ya ku polisi imadutsa m'mbali mwa manda a Asilamu. Dora anagwira a Blasius pamkono kuti asapunthwe, ndipo anafuna adutse msanga anthu asanawaone. Koma mkuluyo anaima.

"Afika pati?"

Dora anayang'ana kupyola mpanda wa nkhadze. Amuna anali atazungulira dzenje, ena mwa iwo omwe aja anali ndi miyala m'mawa. Anali atatambasula nsalu pamwamba pa manda. Atatu anali atatsikira m'dzenjemo, manja ali m'mwamba, kudikira kulandira thupi lokulungidwa m'sanda yoyera.

"Akuwatsitsa," anatero Dora.

A Blasius anasolola mkono wawo. Anawongoka, mwina koyamba pa zaka zambiri, n'kukoka mpweya wonse umene unatsala m'chifuwa chawo.

"Pansipo!"

Mawuwo anamveka mpaka kutsidya kwa ngalande. Amuna atatu a m'dzenje aja anadzidzimuka n'kukanirira kukhoma, monga amachitira mwana aliyense wobadwira pa Macheka. Ena onse anatembenuka. Che Nasiru anaphimba nkhope ndi manja.

Mmodzi yekha ndiye sanasunthe, wa m'sanda uja.